Kabokosi ka chenjezo mu React Native, .NET MAUI ndi Flutter

Munthu akadina batani lofufuta chithunzi, pulogalamu yabwino imayamba yamufunsa ngati watsimikizadi. Kabokosi kofunsako n'kakang'ono, koma zida zimene timalembera pulogalamu imodzi yoti igwire pa Android ndi iOS (ya pa iPhone), monga React Native, .NET MAUI ndi Flutter, zimakatulutsa mosiyana kwambiri.

React Native imangouza foniyo kuti ionetse kabokosi kake komwe. Mukalemba Alert.alert n'kupereka mutu, uthenga ndi mabatani, wa iPhone amaona kamene anakazolowera, wa Android chimodzimodzi. Koma pamene foni yalekezera, inunso mumalekezera pomwepo. Pa Android mabatani sangapitirire atatu, batani lofiira lochenjeza kuti chinthu chiwonongeka ndi la iOS yokha, ndipo Alert.prompt, yomwe imapatsa munthu malo olembapo, pa Android kulibe.

.NET MAUI nayo imadalira kabokosi ka foni, ndipo mwa zitatuzi ndi imene imandisangalatsa pa kalembedwe. DisplayAlert, yomwe imatulutsa kabokosiko, ikakhala ndi mabatani awiri imabweza true kapena false (inde kapena ayi), ndiye mumangodikira yankho ndi await n'kupitiriza pa mzere wotsatira. Vuto lake n'loti imaitanidwa kuchokera pa Page, lomwe ndi tsamba limene munthu amaona. Amene mumatsata MVVM, kalembedwe kolekanitsa tsamba ndi gawo loyendetsa zochitika zake lotchedwa ViewModel, mufunika kuikulunga m'kagawo kapadera kuti ViewModel iifikire. Amene mudakali pa Xamarin.Forms, yomwe .NET MAUI inalowa m'malo mwake, mupeza zofanana, koma kumbukirani kuti Microsoft inasiya kuisamalira pa 1 May 2024.

Flutter ndiye ili ndi njira yakeyake: imajambula yokha kabokosiko. Mu AlertDialog, komwe ndi kabokosi ka Flutter, mungaikemo chilichonse, kaya chithunzi, mndandanda, malo olembapo angapo. Ufulu umenewu umabwera ndi ntchito. Kuti pa iPhone kaoneke ngati ka pa iPhone mumafunika CupertinoAlertDialog, kapena AlertDialog.adaptive imene inabwera ndi Flutter 3.13 mu 2023, komabe mabatani ake muyenera kuwasankha nokha malinga ndi foni.

Chimene ndimafuna tizichisamala kwambiri ndi munthu amene sadina batani lililonse. Mu Flutter, showDialog, yomwe imaonetsa kabokosiko, imalola kuti akagunda pambali pa kabokosi katsekeke, ndipo yankho limabwera lili null, kutanthauza kuti mulibe kanthu. Ngati munalemba poganizira "inde" ndi "ayi" basi, apa ndi pamene pulogalamu imasokonekera. Ikani barrierDismissible kukhala false pa funso lofunika kuti kasatsekeke choncho, ndipo mukalandira yankho onani kaye context.mounted, yomwe imanena ngati tsamba lidakalipo, musanachite kanthu, chifukwa tsambalo litha kukhala litatsekedwa kale. Alert ya React Native pa Android siitsekeka choncho pokhapokha inuyo mutaika cancelable kukhala true.

Ngati mukungofuna kufunsa kapena kudziwitsa, kabokosi ka foni komwe n'kokwanira, ndipo ine ndimasankha kameneko. Ngati m'kabokosimo mukufunika zambiri, Flutter imakupatsani zonse popanda kuonjezera china, pomwe mu React Native muyenera kusiya Alert n'kumanga kanu ndi Modal, yomwe imaonetsa zinthu pamwamba pa tsamba.