Magnum ali bwino, koma Cascade musalole akutumizireni pa minibasi

Ndinaitanitsa ma hops (timaluwa topatsa mowa kuwawa ndi fungo) amitundu iwiri kwa ogulitsa zofululira mowa ena a ku Blantyre: Magnum wa kuwawa ndi Cascade wa fungo. 

Katundu anafika kuno ku Nchalo masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Magnum anali m'paketi yake yasiliva yomata bwinobwino. Koma Cascade anangomuthira m'kajumbo n'kumanga mfundo, kondakitala n'kukaika kutsogolo pagalasi, kutsetsereka Thabwa yense kali padzuwa. Potsegula, kafungo ka manyumwa komwe Cascade amatchuka nako kunalibe. Chinandilandira ndi fungo la sokosi zovunda, timibulu tomwe timayenera kukhala tobiriwira titafiirira.

Nditaimba foni, mnyamata wa pashopupo akuti, "Bwana, hops ndi hops, ingothirani Magnum yemweyo kumapeto." Apa ndiye mtima unandiwira. Munthu ukugulitsa zinthuzi tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti Magnum ali ndi alpha acid (chomwe chimabweretsa kuwawa) wa 12 mpaka 14 peresenti, ndipo timamuthira poyambirira kuti awire mphindi 60 atulutse kuwawa? Cascade wake ndi wa 5 mpaka 7 basi. Chomwe timamugulira ndi mafuta ake onunkhira aja, ndipo mafutawo sachedwa kuuluka ndi kutentha, n'chifukwa chake amalowa mumphika kutatsala mphindi 5 kapena 10. Ndiye ndalama yanga inathera pagalasi la minibasi, iye n'kumandiyankha mokhala ngati ndikumutayitsa nthawi.

Pa Magnum sindinganame, ndi katundu weniweni. Magalamu 15 m'malita 20 anandipatsa kuwawa kosalala, kosakanda kukhosi, ndipo anagwirizana ndi chimera chamapira chomwe ndimasakanizako.

Eni shopu atamva nkhaniyi anandiimbira okha, bambo aulemu ndithu. Cascade anali atatha, ndiye ananditumizira hops wina wotchedwa African Queen wolimidwa ku George, South Africa, womata, m'kabokosi ka ayezi, osandilipiritsa. Fungo lake ndi lazipatso, lamphamvu kuposa momwe ndinkayembekezera, ndipo anzanga a ku Ngabu anamaliza chigubu osasiyako.

Shopuyi ndikuipatsa nyenyezi zitatu. Anzanga a kuchigwa kuno, hops wa fungo muziitanitsa mu Juni kapena Julayi, muumirire paketi yomata, akafika alowe mufiriji pompo. Ndipo poimba foni funsani eni ake. Mnyamata uja mpaka lero sanapepese.