Bokosi la Beano lija: mwana wapindula, ine ndiye ndalira nazo ndalama

Alamu anga a ku Leeds anditumizira uthenga kuti akufuna kugulira mnyamata wawo bokosi la mabuku akale a Beano, magazini ya ana ya ku Britain ya nkhani zoseketsa zojambula, ngati lija ndinagula ine, ndiye ndiwapatse nambala ya amene anandigulitsa. Ndawauza kuti ayambe adikira. Zimene ndinalemba sabata yoyamba ija ndinalemba ndikadali m'chimwemwe cha katundu wongofika kumene. Pano bokosilo ladutsa nyengo yonse yozizira ya kuno ku Scotland, buku limodzi lathothoka msana, ndipo ine ndi wogulitsayo tadziwana bwino lomwe.

Kwa amene simunaone zoyambazo, ndinagula pa intaneti kwa bambo wina amene amatola katundu wakale m'nyumba zomwe eni ake akusamuka. M'bokosimo munali mabuku 22 apachaka, aja achikuto cholimba amene amatuluka Khirisimasi ikamayandikira, ndi mulu wa magazini a sabata ndi sabata a m'ma 1980 ndi 1990. Ndinalipira mapaundi 95, kuwonjezera 12 yotumizira. Chimene chinakweza mtengo ndi buku limodzi lomwe bamboyo analemba kuti ndi la m'ma 1950, nthawi ya Leo Baxendale, wojambula wotchuka wa Beano. Ine chomwe ndinkafuna n'chakuti mtsikana wanga wazaka 9 ayambe waika foni pansi.

Zoyenda bwino sindichedwa nazo. Katundu anafika msanga, atakulungidwa bwino. Mabuku a m'ma 1990 ndi olimba, agwa pabedi kangapo koma ali gwa. Magazini a sabata aja pepala lake ndi la nyuzipepala, lasanduka lachikasu koma likuwerengeka. Foni yaikidwadi pansi, makamaka madzulo.

Chomwe sindinayembekezere ndi ichi. Patapita milungu ingapo mwana anayamba kuyala mabuku pansi motsatira zaka, n'kumandiitana kuti ndidzaone Dennis the Menace, mnyamata wosamva wa m'nkhani za Beano. "Amami, uyu si yemweyu," akutero. Ndipo ankanena zoona. Juzi yamizere yofiira ndi yakuda ndi yomweyo, tsitsi lanyankhalala ndi lomwelo, koma Dennis wa m'ma 1980 ndi chimnyamata chotupa chifuwa choti ungachiope panjira, pamene wa kumapeto kwa 1990 wafupika, nkhope yafewa. Mwanayo anazindikira yekha kuti manja ojambula asintha, monga mmene umadziwira kuti nsima ya lero waphika ndi wina ngakhale ufa uli womwewo. Pamasamba ambiri akalewo palibe dzina la wojambula. Kampani ya DC Thomson ya ku Dundee, imene yakhala ikutulutsa Beano kuyambira pa 30 July 1938, kwa zaka zambiri sinkalola ojambula ake kusaina ntchito yawo. Dudley Watkins ndiye anapatsidwa mwayi wosowawo, chifukwa anali mzati wa kampaniyo: Lord Snooty kuyambira magazini yoyamba, Desperate Dan mu Dandy, magazini ina ya kampani yomweyo, kenako Biffo the Bear, chimbalangondo chomwe chinalanda chikuto kwa nthiwatiwa Big Eggo mu 1948.

Ndiye tinayamba kusaka mayina, ine ndi mwana, ndipo ndimo ndadziwira zonsezi. Dennis anamuyamba ndi David Law mu March 1951, n'kumujambula mpaka 1970 pamene thanzi linamukanika. Kuchokera pamenepo David Sutherland anamutenga mpaka 1998, ndipo ndi m'manja mwake momwe Dennis anakankha Biffo pachikuto mu 1974. Sutherland yemweyo ndi amene anajambula The Bash Street Kids kuyambira 1962 mpaka pamene anamwalira mu January 2023. Zaka 60 munthu akujambula kalasi imodzi ya ana osamva ndi mphunzitsi wawo wotopa! Ine ntchito ya usiku zaka zochepa chabe msana wayamba kale kudandaula. Jim Petrie naye anakhala ndi Minnie the Minx pafupifupi zaka 40 mpaka 2001, ndipo Minnie wake sakhala phee m'chithunzi chilichonse, miyendo ili m'malere, bambo ake ndevu zili njenjenje.

Wokondedwa wa mwana wanga ndi Tom Paterson, amene anayamba Calamity James mu 1986, mnyamata wa tsoka woyenda ndi kamtambo ka mvula pamutu. Paterson amabisa tinthu m'makona a zithunzi, makamaka sokosi yamizere yonunkha, imene imangotulukira pena paliponse popanda chifukwa. Mwana amatha ola lathunthu ali chafufumimba pakapeti kusaka sokosi imeneyo, nkhani yeniyeniyo osaiwerenga n'komwe. Robert Nixon amamudziwira ku mizere yosalala ndi nkhope zozungulira za Roger the Dodger ndi Ivy the Terrible. Pa tchuthi tinakwera sitima kupita ku Dundee, ndipo pa High Street anaona chiboliboli cha Desperate Dan, kumbuyo kwake Minnie atakoka legeni kumulunjika. Tsiku limenelo mukanandifunsa, ndikanati bokosi lija ndi katundu wabwino kuposa wina aliyense amene ndagula chibwerere kuno.

Koma luso lomweli la mwanayu ndi limene linaulula nkhani ya buku lamtengo lija.

Bukulo linabwera lotopa kale. Chikuto chinali chong'ambika pamwamba ndi chomatidwa ndi selotepu yabulauni kumsana, ndipo kona ya tsamba lamkati, pamene pamakhala mtengo, inali yodulidwa ndi sizasi. Zodula konazo sizachilendo, anthu ankachita popereka buku ngati mphatso. Ndinkalisunga pamwamba pa shelefu, mwana osaligwira kwambiri. Tsiku lina nditalitsitsa, guluu wakumsana anangouma n'kuthetheka, masamba apakati n'kugwera pansi. Tikuwatola kuti tiwabwezere m'malo, mwana anaima ndi tsamba limodzi m'manja. "Amami, ngati bukuli ndi la 1950, galuyu akutani muno?" Pambali pa Dennis panali Gnasher, chigalu chake chakuda cha mano ngati macheka. Gnasher anayamba kuoneka mu Beano mu August 1968. Titapitiriza kuvundukula tinapezanso Billy Whizz, mnyamata wothamanga uja wa Malcolm Judge, amene anayamba mu 1964. Baxendale anachoka ku DC Thomson mu 1962. Buku lokhala ndi awiriwa silingakhale la nthawi yake, ngakhale ulitembenuze chotani.

Mwina wina angati, nanga vuto n'chiyani, si Beano yemweyo? Vuto ndi loti dzina la Baxendale ndi limene ndinalipira. Munthuyu m'miyezi yochepa chabe, pakati pa 1953 ndi 1954, anabweretsa Little Plum, Minnie the Minx, ndi ana a sukulu aja amene poyamba nkhani yawo inkatchedwa When the Bell Rings isanasinthe dzina kukhala The Bash Street Kids mu 1956. Iye, David Law ndi Ken Reid, amene anayamba Roger the Dodger mu 1953 ndi Jonah mu 1958, ndi amene anachotsa Beano m'nkhani zaulemu za ana omvera n'kuilowetsa m'chipwirikiti. Zithunzi za Baxendale ndinaziona pa intaneti: ana makumimakumi akutuluka pageti ya sukulu nthawi imodzi, aliyense akuchita chake, wina akupondedwa, wina wakwera mnzake pamutu. Ndinkafuna mwana aone zimenezo papepala lenileni. Bash Street ya m'buku langa ndi ya Sutherland, amene poyamba ankatsata kwambiri kajambulidwe ka mnzakeyo, choncho diso la munthu wamba silingasiyanitse msanga. Ndi yabwino ndithu, koma ya Sutherland ndili nayo kale m'mabuku ena onse a m'bokosimo.

Chimandiwawanso china. Baxendale anachoka atatopa ndi kuchuluka kwa ntchito, ndipo m'ma 1980 anakhala zaka 7 akulimbana ndi kampaniyo kukhoti pofuna umwini wa ana a m'zithunzi amene anawalenga yekha, mpaka anagwirizana kunja kwa khoti mu 1987. Ali pa ntchito dzina lake silinkalembedwa patsamba. Lero wamwalira, mu 2017, ndipo dzina lomwelo ena akulimata pa buku lomwe si lake kuti akwezere mtengo.

Ndinamulembera wogulitsa uja mwaulemu, n'kutumiza chithunzi cha tsamba la Gnasher. Yankho loyamba linali loti mabuku akale a Beano sankalembedwa chaka pachikuto, ndiye iye anangoyerekeza. Mbali yoyambayo ndi yoona, mabuku oyambirira analibedi chaka mpaka m'ma 1960. Koma langali pamene pakanakhala chaka ndi pomwe pang'ambika, ndipo kona ya mtengo, imene ikanasonyeza ngati linagulitsidwa m'mashileni kapena m'ndalama zatsopano zomwe Britain inayamba mu February 1971, ndi imene yadulidwa. Sindikunena kuti anadula ndi iye. Ndikungoti munthu amene amadziwa dzina la Baxendale mpaka kulilemba pa malonda sangalephere kudziwa galu wa Dennis.

Nditamuuza zimenezo anasintha nyimbo, akuti nthawi yobweza katundu inadutsa kalekale. Kenako anakhala chete milungu. Nditalembanso anati andipatsa mapaundi 10 "posonyeza mtima wabwino", bola ndisalembe zoipa patsamba lake. Ndinakana. Tinakokana mpaka anatumiza 20, popanda mawu opepesa ngakhale amodzi. Ndinafunsa kwa munthu wina wosoka mabuku kuti kukonza msanawo n'zingati, anati 35. Buku la m'ma 1970 lotopa chonchi silifika n'komwe mtengo umenewo, ndiye ndangolimata ndekha ndi guluu woyera wa kusukulu, ndipo likutseguka mokakamiza.

Palinso fungo. Pofika, bokosilo linkanunkha pang'ono chinyontho, ine n'kumati lichoka. M'chilimwe linachokadi. Kuzizira kutangoyamba, mawindo atatsekedwa ndi hita itayatsidwa, linabwerera ndi mphamvu, ndipo mabuku anayi a m'ma 1970 anatuluka timadontho ta nkhungu m'mphepete. Zikuoneka kuti anakhalitsa m'galaja. Ndawatsekera m'chibokosi cha pulasitiki ndi kambale ka soda, fungo limachepa, ndikawatulutsa sabata imodzi labwerera. Mwana akawawerenga amayetsemula, ndiye amenewo saloledwa kuchipinda chogona. Za fungoli wogulitsa sanalembe chilichonse pa malonda ake.

Makolo anzanga dziwaninso kuti nthabwala za kale zili ndi zake. M'mabuku a m'ma 1970 nkhani zambiri za Dennis ndi Minnie zimathera pa silipasi ya bambo kumatako, zomwe zinasiyidwa m'ma 1980. Ife amene tinakula ndi kamtengo ka kuseri kwa nyumba sitidabwa, koma mwana wobadwira kuno anandifunsa ngati apolisi ankadziwa. Little Plum amaseka anthu a mtundu wa Amwenye a ku America m'njira yomwe lero singadutse. Ana awiri a ku Bash Street amene m'mabuku anga akutchedwa Fatty ndi Spotty, kutengera kunenepa ndi ziphuphu, anasinthidwa mayina mu 2021 kukhala Freddy ndi Scotty. Ndipo ndinathokoza kuti bokosilo silinafike zaka zoyambirira zenizeni, pamene pafupi ndi dzina la magazini pachikuto pankakhala Peanut, kamnyamata kakuda kojambulidwa monyoza. Ameneyo ndikanayenera kukhala pansi ndi mwana kumufotokozera, osati kungomusiyira. Zinazi takambirana, ndipo kukambiranako sikunatipweteke.

Ndiye ndiziika pati? Ndikamuona mwana akusaka sokosi ya Paterson ndimati nyenyezi zisanu. Ndikatsegula chibokosi cha pulasitiki chija ndimati ziwiri. Tikawerengera, ndatulutsa mapaundi 107, abwerako 20, kutsala 87, osawerengera chibokosi ndi guluu. Chigulireni ndaona mabuku apachaka a m'ma 1990 omwewa m'mashopu a kaunjika a kuno pa paundi imodzi kapena ziwiri, oyera, opanda fungo, oti umayamba wawanunkhiza usanalipire. Zonse zimene mwana wakonda, Sutherland, Petrie, Paterson, Nixon, zili m'mabuku otchipawo. Bokosi langa mtengo wake woyenera unali 50 basi, ndipo pa 50 ndikanaligulanso mawa. Wofuna Baxendale weniweni agule buku limodzi lokha, kwa munthu wovomera kutumiza zithunzi za masamba amkati ndi kulandiranso katundu akapezeka kuti si yemweyo.

Bambo uja waikanso bokosi lina pa malonda, mapaundi 110, ndipo mawu ake ndi omwe aja, buku limodzi la nthawi ya Baxendale. Ndamupempha chithunzi cha tsamba la Dennis. Uthenga wauwerenga, sanayankhe.