Vesiti yoziziritsa thupi: ndinaiyesa pa dzuwa la ku Salima

Ngati muli ndi multiple sclerosis, imene timangoti MS, ndipo mukukonza zopita kumudzi mu Okutobala kapena Novembala, vesiti iyi gulani. Ingodziwiranitu kuti popanda filiji kapena ayisi pafupi, yasanduka katundu wongolemetsa.

Ine ndimakhala ku Leeds, ku England, ndipo matendawa anandipeza nawo konkuno. Kwathu ambiri sanawamvepo, amangoti ndi sitiroko. Chimene chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimawononga myelin, kachikuto kokuta mitsempha ya muubongo ndi mumsana, monga makoswe amadyera pulasitiki ya waya wamagetsi. Thupi likangotentha, ngakhale ndi theka la digiri, uthenga umavutika kudutsa m'mitsempha yoteroyo. Dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, analemba za vutoli mu 1890, ndipo mpaka pano limatchedwa ndi dzina lake. Kwa ine diso lamanzere limachita chifunga, phazi lamanja limayamba kukwekwereza pansi. Sikuti matenda akula ayi, thupi likazizira zimabwerera m'malo, koma pa nthawiyo ngakhale kukwera sitepe ya minibasi imakhala nkhani.

Vesitiyi ndinaigula pa intaneti, mapaundi opitirira 100, ndipo mtima unandiwawa polipira. Ili ndi matumba anayi, awiri pachifuwa, awiri kumsana. M'matumbamo mumalowa mapaketi a mafuta ena ake amene amaundana pa madigiri 21, osati pa 0 ngati madzi. Apa ndi pamene pagona ubwino wake. Ayisi weniweni amaluma khungu, ndipo ife amene khungu lathu limachita dzanzi tikhoza kupsa naye osazindikira. Awa amangozizira bwinobwino, sanyowetsanso zovala. Akasungunuka, mukawaviika m'madzi a ayisi amaumanso pasanathe theka la ola. Mufiliji amatenga nthawi yotalikirapo.

Pandege sindinaivale. Mapaketi osungunuka amawerengedwa ngati zamadzimadzi, choncho ndinawaika m'sutikesi yaikulu. Majakisoni anga a MS okha ndiwo ndinayenda nawo m'manja limodzi ndi kalata ya dokotala, poti kumalo a katundu akhoza kuundana n'kuwonongeka. Njinga ya olumala ndinapempheratu kudakali maola 48, ndipo inandipulumutsa posinthana ndege ku Addis Ababa.

Mayeso ake enieni anali mudepoti ku Lilongwe. Minibasi ya ku Salima siinyamuka isanadzaze, ndiye mwakhala m'menemo pampando wakumbuyo, denga likuwotcha, mphepo kulibe, kondakitala akungoti atsala awiri. Anzanga ankadzikupiza ndi makatoni, thukuta kamukamu. Ine nkhope inali thukuta lokhalokha, koma pachifuwa ndi kumsana kuli zii, diso likuona bwino. Tinanyamuka, n'kuyamba kutsetserekera kunyanja kumene mpweya umanka nutenthera, ndipo tisanafike pa boma la Salima mapaketi anali atasanduka madzi. Papepala lake analemba kuti amatha maola atatu. Mwina ku Leeds. Pa dzuwa lakwathu muwerengere awiri, ndipo akasungunuka vulani msanga, chifukwa makilogalamu pafupifupi 2 amenewo amayamba kukusungirani kutentha.

N'chifukwa chake ndikuti mugule mapaketi ena apadera, ena ali pathupi ena ali mu cooler box. Magetsi atazima tsiku la chinkhoswe chimene ndinapitira, mlongo wanga anakagula ayisi kwa amayi ogulitsa zakumwa zozizira, tinathira m'ndowa, basi ntchito inatheka. Madzi apamjigo tinayesa, sakwanitsa kuwaumitsa.

Kukongola ndiye musayembekezere. Ndinaivala mkati mwa bulauzi yotakasuka, koma inkaonekerabe. Azakhali atandikumbatira anabwerera m'mbuyo n'kufunsa, "Kodi mwanawe, ku Ulaya kuja unakalowa usilikali?" Ndinawapatsa paketi imodzi kuti aike pakhosi. Kuibweza anachita kukakamizidwa.

Palinso mavesiti otchipa amene mumangowanyowetsa ndi madzi. Mu Okutobala, mpweya ukadali wouma, amathandizako, koma mitambo ya mvula ikayamba kusonkhana n'kukhala chinyontho, saphula kanthu. Ndipo kunena zoona, chitenje chonyowa chokulunga m'khosi chimagwira ntchito yomweyo osalipira kalikonse.

Chimene chandikwiyitsa pa yangayi ndi zipi. Kogwirira kake n'kakang'ono kwambiri, ndipo zala zikachita dzanzi masana sindingakatsine, mpaka ndiitane munthu adzandivule. Opanga zinthu za odwala MS anayenera kuganizira zimenezi. Ine ndamangirirapo kachingwe ka nsapato, koma inu pogula musankhe yomata ndi Velcro.