Mukatsika basi ku Johannesburg: Gautrain kapena takisi?

Ife a mu Lusaka amene timakwera basi pa Intercity kupita kukaoda katundu ku Joni, ambiri timatsikira pa Park Station kapena chapafupi. Pomwepo pali njira ziwiri zopitirira ulendo.

Yoyamba ndi Gautrain, sitima yamagetsi imene inayamba kuyenda mu 2010 ndipo inafika pa Park mu 2012. Siteshoni yake ili pansi pa nthaka, chimodzimodzi ya Rosebank ndi ya Sandton. Mumatsika pa masitepe oyenda okha, n'kugunditsa khadi pageti, kaya la Gautrain kaya la kubanki. Kuchoka pa Park kukafika ku Sandton sipapita mphindi 10, pamene pamsewu wa M1 m'mawa magalimoto amachita kukwawa. Ikatuluka m'ngalande ya pansi pa nthaka, sitimayi imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola kulowera ku Pretoria. Alonda ali ponseponse, ndipo kwa mayi amene wamangirira ndalama za oda m'chiuno, chimenechi si chinthu chaching'ono. Koma malamulo ndi okhwima: kudya, kumwa, ngakhale kutafuna chingamu, n'koletsedwa. Usiku kwambiri siyenda. Wopita ku bwalo la ndege la OR Tambo amasintha sitima pa Sandton, ndipo mtengo wa chigawo chimenecho umaluma.

Yachiwiri ndi takisi, imene kwathu timati minibasi. Ndi yotchipa, ndipo monga pa Kulima Tower, imanyamuka ikadzaza. Kusiyana kwake n'kwakuti mulibe kondakitala. Ndalama zimadutsa m'manja mwa okwera mpaka kutsogolo, ndipo wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerenga chenji. Mlendo asathamangire mpando umenewo. Poimitsa takisi pamsewu amagwiritsa ntchito zizindikiro za zala, choncho funsani kaye.

Kwa ine nkhani yagona pa kumene mukupita. Gautrain sifika ku Fordsburg kapena ku Crown Mines, kumene kuli misika ya Oriental Plaza, Dragon City ndi China Mall. Kwa wogula mabulangete ndi nsapato zokagulitsa ku Kamwala, liwiro lake silithandiza, ndipo zikwama zikuluzikulu zija simungadutse nazo bwino pamageti ake. Kumeneko kwerani takisi popita, pobwera hayani galimoto ndi anzanu mugawane mtengo.

Koma ngati muli ndi kachikwama kamodzi ndipo mukupita ku Sandton, ku Pretoria kapena kukakwera ndege, musaumire, lipirani Gautrain.