Denoise ya mu Lightroom ndi zithunzi za chinkhoswe cha ku Mufakose

Loweruka lapitali ndinajambula chinkhoswe cha mwana wa amalume ku Mufakose, mu Harare. Mwambo unachedwa kuyamba, ndipo pomwe ankhoswe ankasinthana tambala ndi msoti kunali kutada kale, magetsinso atazima. Tonse tinkadalira babu limodzi la sola lomwe anyamata anapachika mumtengo wa mapeyala. Flash ndimaipewa pa miyambo yotere, imanyezimiritsa nkhope ngati anthu adzola mafuta ophikira. Ndiye ndinangokweza ISO, nambala yomwe imachititsa kuti chithunzi chiwale mumdima, pa kamera yanga ya Nikon D3200 mpaka 6400.

Nditatsegula zithunzi pa laputopu, mtima unangoti myuu! Zonse zinali ngati wina waziwaza mchenga, ndipo m'malo amdima munadzaza timadontho tofiira ndi tobiriwira. Ndiyo noise imene ojambula timadandaula nayo ija. Kuwala kukachepa, kamera imakuza chilichonse chomwe yatola, zinyalala zomwe.

Apa ndi pamene ndinayesa Denoise, yochotsera noise, yomwe kampani ya Adobe inaiika mu pulogalamu yake yokonzera zithunzi ya Lightroom mu Epulo 2023. Mwayi wanga ndinajambula RAW, mafayilo osakonzedwa ochokera m'kamera, chifukwa zithunzi wamba za JPEG siilandira. Zija za pafoni zomwe achibale amanditumizira pa WhatsApp kuti ndiwakonzere, iwalani. Mphamvu yake ndinaisiya pa 50 pomwe imayambira, n'kudikira. Zoona zake, ndinadabwa. Mchenga uja unachoka, koma maluwa a pa chitenje cha mkwatibwi anatsala bwinobwino, nthenga za tambala n'kumaoneka imodziimodzi. Njira yakale yochotsera noise pokoka Luminance inkandipakira zonse ngati phala.

Kenako dyera linandigwira. Pa chithunzi cha agogo aakazi ndinakweza mpaka 85, ati chiyere kwambiri. Azakhali atachiona pafoni anandiimbira nthawi yomweyo.

“Iwe mwanawe, ameneyu ndi ndani? Amayi anga makwinya awo wawapititsa kuti?”

Ndinalibe poyankha. Agogo a zaka zoposa 80 anali atasalala ngati chidole cha m'sitolo. Ndinabweza pa 40, timadontho tina n'kutsala kumbuyo kwawo, koma anabwerera kukhala agogo athu. Cholakwa chinali changa, osati cha pulogalamu.

Kunola chithunzi, komwe mu Lightroom akuti Sharpening, ndimachita pomaliza. Mukayamba ndi kunola, mumanola noise yomwe. Chomwe ndimakonda kwambiri pamenepa ndi Masking: mukagwira batani la Alt uku mukuikoka, chithunzi chimasanduka chakuda ndi choyera, ndipo poyera pokha ndi pomwe panoledwe. Ndimakoka mpaka patsale maso, nsidze, milomo ndi m'mphepete mwa duku, masaya akhale akuda. Radius, kukula kwa mzere wonoledwa, sindiipitirira 1, chifukwa ikakwera m'mbali mwa mutu mumabadwa kamzere koyera ngati munthu wachita kudulidwa ndi sizasi n'kumatidwa. Zonsezi muziyang'ana mutakuza chithunzi pa 100%, pa chithunzi chaching'ono maso amanama.

Pali zomwe Lightroom singachite. Amalume anavina mpaka fumbi koboo, ine liwiro la shutter nditalitsitsa kwambiri, ndiye manja awo anatuluka ngati utsi. Chithunzi chogwedezeka kapena chophonya focus sichichira ndi kunola. Zimenezo ndinataya.

Musanalembetse, dziwani kuti Lightroom siigulidwa kamodzi, mumalipirabe ndi madola aku America. Denoise imafunanso kompyuta ya mphamvu. Laputopu yanga ndi yokalamba, chithunzi chimodzi chinkatenga mphindi zingapo, fani ikulira ngati kombi yokwera chitunda. Ndinasankha zithunzi 35 zokha, n'kuzikonza usiku magetsi atayaka.

Kwa amene mumajambula maukwati m'maholo a ku Highfield ndi ku Mbare, kapena kwaya m'tchalitchi madzulo, ndalama yake imabwerera. Amene mumajambula panja dzuwa likuswa mtengo pa ISO 100, Denoise simuisowa kwenikweni. Chithunzi cha agogo chija, cha pa 40, azakhali akuti ndikachisindikize chachikulu apachike pabalaza.