Timabuku takale ta maluko timene ndinagula pamsika wa Mzuzu

Mwezi wa Meyi, kuzizira kwa Mzuzu kutangoyamba kuluma m'mawa, ndinapeza mtolo wa timabuku takale ta maluko kwa bambo wina amene amayala mabuku pansi pafupi ndi msika waukulu. Tambiri ndi ta ku Britain, ta makampani a ulusi a Patons ndi Sirdar, ndipo mapepala ake anasanduka achikasu, m'makona mwapindikapindika, pena pali timizere ta pensulo pamene mwini wake woyamba ankawerengera mizere ya juzi yake. Ndalukapo zinthu zitatu: juzi ya mdzukulu wanga, shawelo ya khanda, ndi kansalu koyala patebulo kolukidwa ndi singano yangowe.

Chimene chandikhutiritsa kwambiri ndi kulongosoka kwa malangizo. Mzere uliwonse walembedwa, malo ochepetsera masitichi pakhwapa ndi pakhosi atchulidwa mosasiya mpata wolota, ndipo juzi imatuluka yokhala bwino pamapewa, osati yolendewera ngati thumba. Ya mdzukulu wanga yachapidwa kangapo koma khosi lake silinatanuke.

Komabe woluka wa lero ayenera kudziwa kuti timabukuti timayankhula chiyankhulo cha nthawi yake. Singano zimatchulidwa ndi manambala akale a ku Britain, amene nambala ikamakula singano imachepa: nambala 8 ndi ya mamilimita 4, nambala 10 ndi ya mamilimita 3.25, pamene nambala 12 ndi ya mamilimita 2.75. Miyeso ya thupi ili m'mainchi, ndipo ulusi ukuwerengedwa m'maaunsi, aunsi imodzi kukhala pafupifupi magalamu 28, pamene mipira ya ulusi imene timagula m'mashopu imalembedwa m'magalamu. Pa zoluka ndi singano yangowe pali msampha wina, chifukwa sitichi imene Angerezi amaitcha double crochet, ku America amaitcha single crochet, ndipo treble ya Angerezi ndiyo double crochet ya ku America. Amene anaphunzirira pa mavidiyo a pa YouTube, amene ambiri amatsata matchulidwe a ku America, akapanda kusamala kansalu kake kadzatuluka kakakulu ndi kotayirira. Mnzanga wa ku Chibavi anamasula ntchito ya masiku awiri chifukwa cha zimenezi.

Ulusi umene ukutchulidwamo, wambiri wa ubweya weniweni wa nkhosa, pano supezeka, ndipo umene tili nawo ndi wa akiriliki. Choncho ndisanayambe chovala ndimaluka kaye kachidutswa ka masentimita 10 mbali zonse, n'kuwerenga masitichi ake. Pa ulusi wonenepa pang'ono wotchedwa double knitting ndi singano za mamilimita 4, amayenera kukhala pafupifupi 22. Akachuluka ndimatenga singano zokulirapo, akachepa ndimatenga zocheperapo.

Chodandaulitsa n'chakuti kabuku kena kanalibe tsamba lapakati, pamene panali malangizo a manja a chovala, ndipo ndinazindikira nditafika kale kunyumba. Ogula atsegule tsamba ndi tsamba asanapereke ndalama. Timabukuti ndi ta m'Chingerezi chodzaza ndi zidule, kotero woyamba kumene afunika womutsogolera, koma kwa amene manja ake anazolowera singano ndingawalimbikitse ndi mtima wonse. Ine tsopano ndayamba masokosi a bambo a kunyumba, ndi singano zinayi za nambala 12, kuti Julayi awapeze atafunda.