Miyezi 14 ndi kaswichi kodula batire komanso kasola pa Peugeot 504 ya malemu bambo anga

Yakwana miyezi 14 tsopano chiyikireni tizinthu tiwiri pa galimoto imene anandisiyira malemu bambo anga, kaswichi kodula moto pa batire ndi kasola ka mawatsi 10, nde ndati ndifotokoze mmene zayendera, zabwino ndi zoipa zomwe, chifukwa zinthu ngati zimenezi pa sabata imodzi sungadziwe zoona zake.

Galimoto yake ndi Peugeot 504 ya 1979, ya petulo, ya kabyuleta, magiya osintha ndi manja. Amene munakula m'zaka za m'ma 80 mukuidziwa bwino. Inatuluka koyamba mu 1968, mu 1969 nkutenga mphoto ya galimoto yopambana ku Europe, ndipo ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka m'ma 2000, mwina ndiye chifukwa masipeya ena amapezekabe ukafufuza. Sindiyendera tsiku ndi tsiku ayi, imakhala mu garaja kuno ku Zomba, imatuluka kamodzi pa mwezi kapena wachibale akapempha kuti ikanyamule akwati. Chifukwa choikonda ndinaiyikitsa alamu, ndipo vuto linayambira pomwepo ngakhale kuti panthawiyo sindinazindikire.

Mabatire awiri anandifera zisanathe zaka ziwiri. Lachiwirilo linandipweteka mtima kwambiri chifukwa linali tsiku la ukwati wa mwana wa mlongo wanga, galimoto tatsuka kale, maliboni tamanga kale, kupotoza kiyi kungomveka tche tche tche basi, magetsi a padashi nkuzilala. Anyamata anakankha inalira, koma tsiku lonse ndinkaopa kuithimitsa, ngakhale pa tchalitchi ndinaimika potsetsereka. Ine ndinkati mabatire a masiku ano ndi achinyengo, mpaka mkulu wina wa zamawaya a galimoto anabwera ndi mita yake yopimira moto, nandiuza kuti, "Achimwene, batire lanuli silinalakwe, pali chinthu chikuliyamwa usiku ndi usana."

Mmene anapimira mutha kuchita nokha ngati muli ndi mita. Kiyi anachotsa, zitseko zonse anatseka kuti getsi la mkati lisayake, anamasula waya wa negetivi nkuyika mita pakati pa wayayo ndi mutu wa batire, anayambira pa muyeso wa maampu 10 (10A) kuopa kuotcha fyuzi ya mita kenako anatsikira ku ma mA, timagawo ting'onoting'ono toti 1000 ndiye ampu imodzi. Inaonetsa 70 mA. Galimoto yakale ngati iyi ilibe kompyuta, imayenera kumwa moto wa wotchi basi, pang'ono zedi. Atazula fyuzi ya alamu mita inagwa kufika pa 5 mA, nkhani yonse inathera pamenepo. Anachotsanso waya wa altaneta kuona ngati ma diode ake akudontha moto, chifukwa nawonso amatha kupha batire galimoto ili chiimire, koma anali bwino.

70 mA imamveka ngati kanthu kochepa, koma tawerengani nokha. Pa maola 24 ndi 1.7 Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga), pa masabata atatu yakwana 35 Ah, pomwe batire langa ndi la 60 Ah, kutanthauza kuti lapitirira theka ndisanagwire nkomwe chiwongolero. Onjezerani kuti batire limadzitaya moto lokha ngakhale palibe cholumikiza, ndipo kukatentha ngati mwezi wa Okutobala limataya msanga. Batire la galimoto lodzaza limaonetsa 12.6V kapena 12.7V litapuma, likafika pa 12.2V ndiye kuti latsala theka, pa 12.0V ndiye lili pafupi kutheratu. Choopsa ndi kulisiya nthawi yaitali lili pansi choncho, mapuleti ake amagwira salufeti yemwe amauma nkusachokanso, nde ngakhale mulitchaje limaoneka ngati ladzaza koma mphamvu yozunguza sitata palibe. Anga awiri aja anafa imfa imeneyi.

China chimene ndinkalakwitsa, ndipo ndikudziwa ambiri mumachita, ndi kuiliza Loweruka lililonse mphindi 10 ili mu garaja poganiza kuti ikutchaja. Sitata imakoka moto wambiri nthawi imodzi, ndipo altaneta yakale injini ikamalira pansipansi imabweza wochepa kwambiri, ndiye dzenje la sabata yonse silikwiririka ndi mphindi zimenezo. Masiku ano ndikaitulutsa ndimapita ku Blantyre nkubwera, kapena ku Liwonde.

Tsopano za kaswichi. Ndi kaja kokhala ndi kachitsekero kopotokola ndi dzanja, kamamangidwa pa mutu wa negetivi, ukapotokola kawiri katatu moto wonse waduka. Tsiku loyamba titangodula, sailini inayamba kukuwa osaleka, aneba mpaka kutuluka panja. Apa mpamene tinadziwa kuti sailiniyo ili ndi kabatire kake mkati koti izilira wakuba akadula mawaya, ndipo kabatireko kanali katakalamba nkumangopempha moto osakhuta. Titasintha nkuyika sailini wamba, 70 mA ija inatsika kufika pa 25 mA. Ndiye ngati alamu yanu ndi yakale yambani mwaona sailini musanagule china chilichonse.

Pa ntchito yake kaswichi kamagwira, apa sindinama. Ndinachokapo masabata 7 kukadwazika mayi kumudzi, pobwera ndinapeza 12.5V, galimoto nkulira itangokoka petulo. Koma kali ndi zovuta ziwiri. Choyamba nchakuti ukadula moto wadulanso alamu, ndiye chinthu chimene unayikira kuti chikulondere galimoto chagona tulo, wotchi nayo imaima, wailesi imaiwala masiteshoni. Alipo amene amalumphitsa kawaya ka fyuzi yaing'ono pambali pa swichi kuti alamu izikhalabe ndi moto, akuti wakuba akayesa kuliza fyuziyo imapsa, zoona, koma kuyamwa kuja kumapitirira monga kale ndiye kwa ine sizinathandize. Chachiwiri ndi dzimbiri. Itafika miyezi 9, m'nyengo ya mvula, tche tche tche ija inabwereranso ndipo mtima unangoti myuu, kupima batire lili pa 12.6V bwinobwino. Vuto linali pokhudzana zitsulo za kaswichi, panali patachita zoyera ngati ufa ndipo pankatentha ukaliza. Ndinamasula, kupala ndi sandipepala, kutsuka ndi madzi a soda, kupaka girizi pang'ono, zinatheka. Chitsulo chake nchopyapyala kusiyana ndi mmene chimaonekera m'paketi, ndipo ndimakaona miyezi itatu iliyonse tsopano.

Kasola ndi kamene ndakakonda kwambiri. Ndinaganizirapo tchaja chanzeru chija chosiya pa soketi nthawi zonse, koma ku garaja kwanga kulibe waya wa magetsi komanso magetsi amathimathima. Kasola ka mawatsi 10 dzuwa likamaswa mtengo kamapereka pafupifupi theka la ampu, maola anayi okha kabweza 2 Ah, pomwe alamu pa 25 mA imamwa 0.6 Ah pa tsiku, ndiye mukuona kuti kamakwanitsa ndi kutsalako. Poyamba ndinakasiya padashi monga ogulitsa ananenera, koma mu garaja mulibe dzuwa, kuwala kolowera pa zenera sikunkapereka kalikonse kooneka. Ndinakakweza pa denga la malata, kuyang'ana chakumpoto chifukwa kuno m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa mbali imeneyo, nkutsitsa waya, fyuzi pafupi ndi batire, ndi ka controller pakati. Ka controller musakasiye chonde, kamaletsa kutchaja mopitirira muyeso komanso kamaletsa moto kubwerera ku sola usiku.

Nthawi imene ndinkaida nkhawa ndi ya chiperoni, Juni ndi Julayi, pamene phiri la Zomba limabisala mu nkhungu masiku angapo. Chochepa kwambiri chimene ndinawerenga m'mamawa dzuwa lisanatuluke chinali 12.4V, kutacha bwino masiku awiri linabwereranso pa 12.7V. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala ndi limene linavutitsa kuposa mitambo, ndimayenera kukwera nkupukuta galasi lake, komanso madzi a batire amatsika msanga pang'ono kusiyana ndi kale, ndathira madzi a distilled kawiri, osati a pampopi.

Panopa ndimachita chonchi, ndikakhala pakhomo swichi imakhala yolumikiza, alamu ili maso, kasola kakudyetsa batire. Ndikamachoka kopitirira mwezi ndimadula swichi, kasola kali kolumikizidwa pa mutu weniweni wa batire ndiye kamapitiriza ntchito, garaja nkukhoma maloko awiri. Batire ndi lomwe lija ndinagula sabata imene tinayika zinthuzi, dzulo m'mamawa linaonetsa 12.7V, ndipo mwezi wamawa 504 ikukanyamula akwati ena ku Domasi.